Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 17: Kagalu ka Madala

Gawo lapita ndinalekezera pomwe ndinasiya ntchito yosamalira okalamba n'kukalembedwa kufakitale yopanga makalavani ku Elkhart, m'chigawo cha Indiana ku America. Amene munakhalako ku South Bend, mzinda woyandikana ndi Elkhart, mukudziwa mmene moyo wa Amalawi umayendera kumeneko: ntchito, tchalitchi, zopereka za maliro, kutumiza kangachepe kumudzi, m'mawa ntchitonso. Ine ndinapatukako pang'ono pa mzere umenewu, ndipo wondipatutsa anali mzungu wachikulire amene tinkamanga naye makabati. Ndinkawaitana kuti Madala, iwo n'kumavomera, ndiye panonso ndizingowatchula choncho.

Madala anabadwira ku Kentucky, ndipo mtima wawo wonse unali pa agalu osaka raccoon, omwe kuno amati coonhound. Raccoon, kapena coon mwachidule, ndi kanyama ka ubweya wotuwa, mchira wamizeremizere, maso ozunguliridwa ndi mkanda wakuda, ndi timanja tochenjera totha kutsegula ngakhale bini ya zinyalala. Kamayenda usiku, kamadya chimanga chachiwisi m'minda, kamakonda m'mbali mwa mitsinje momwe kamagwira nkhanu ndi achule. Kakapanikizika kamakwera mumtengo. Ntchito ya galu ndi kutola fungo, kulitsata mumdima, kupeza mtengo womwe kakwera, n'kuima pamenepo akuuwa mpaka mbuye wake atafika, kaya pakhale mtunda wotani.

Tsiku lina pankhomaliro ndinawafotokozera za uzimba wa kwathu ku Ntcheu, momwe tinkatenthera tchire m'chilimwe n'kumathamangitsa akalulu tili ndi zibonga, agalu a malume ali patsogolo. Anasiya kutafuna. Galu wawo anali atakalamba, makutu atagontha, ndipo ankafuna kagalu kena. Anandifunsa ngati ndingawaperekeze kokaona. Nditanena kunyumba, akazi anga anangoti, “Bambo a mwana, ndiye mwaoloka nyanja yonseyi kudzasaka mbewa za azungu?”

Tinanyamuka mu Disembala kulowera kummwera kwa Indiana, kufupi ndi mtsinje wa Ohio. Ine ndinali nditaika katoni ndi bulangete lakale kumbuyo kwa galimoto, koma titafika ndinapeza kuti tiagalu kulibe. Tinali tisanabadwe, ndipo ngakhale bere kunalibe. Madala anali atapita kukaona galu wamkazi amene mwini wake ankafuna kudzamukweretsa mu Febuluwale.

Mwini agaluyo anatilandirira m'galaja momwe munali zikho ndi zithunzi khoma lonse. Anatulutsa mapepala a UKC, bungwe lolembetsa agalu lomwe linayamba mu 1898 ndipo likulu lake lili ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan. Anayamba kutchula makolo a galuyo mibadwo ingapo, amene anapambana apa, amene anakaonekera ku Autumn Oaks, msonkhano waukulu wa agalu amenewa womwe umachitika chaka ndi chaka ku Richmond, konkuno ku Indiana, pa holide ya Labor Day. Madala anamvetsera mwaulemu, kenako anati, “Mapepalawa ndikawerengera kunyumba. Kukada timumasule, ndimumve.”

Ndinene pang'ono za mtundu. Ku UKC kuli mitundu 7 ya agalu amenewa: Black and Tan, Redbone, English, Bluetick, Treeing Walker, Plott ndi American Leopard Hound. Pa mipikisano ambiri amakonda Treeing Walker chifukwa ndi waliwiro, amapita kutali ndipo sachedwa kukweza nyama mumtengo. Madala ankafuna Bluetick, galu wamathothomathotho obiriwira ngati phulusa lonyowa, amene anayamba kulembedwa payekha mu 1946, poyamba ankangowerengedwa pamodzi ndi English. Amadziwika ndi mphuno yotha kutola fungo lakale, lozizira, n'kulitsata modekha. Chifukwa chawo chinali chimodzi. Anamenya bondo lawo lamanzere n'kuti, “Mwanawe, galu woti akakwezere coon kuseri kwa phiri lachitatu ine ndikamupeza liti?” Anthu ambiri amagula galu amene akutchuka, osadzifunsa ngati miyendo yawo ingamutsatire.

Usikuwo kunali chisanu cholowa m'mafupa. Tinavala jombo zofika m'chiuno chifukwa cha minga ndi madzi, nyali pachipumi. Anamasula agalu awiri m'mphepete mwa munda wokololedwa, wamkazi uja ndi kamphongo kena kachinyamata. Mwini agalu maso anali pa Garmin yake, kachipangizo koonetsa pomwe pali galu, kuona komwe alowera. Madala anazimitsa nyali n'kuima chilili, mutu utapendekeka. Patapita kanthawi tinamva liwu lalitali lokoka likuchokera kudambo. Ndiye wamkaziyo, watola fungo. Sankauwa mwachisawawa. Amati akauwa kawiri katatu n'kukhala zii, kenako n'kumvekanso patsogolo. Madala anandinong'oneza kuti kukhala chete kumeneko ndiko kugwira ntchito, fungo lamusokonekera ndipo akulifunafuna m'malo mopanga phokoso lachabe.

Kamphongo kaja ndi kamene kanayamba kusintha liwu, kuuwa kwafupikufupi kosalekeza, kutanthauza kuti nyama ili m'mwamba. Ine ndinasangalala, ndinati uyu ndiye katswiri. Tinakafika patsinde, kali chiimire ndi miyendo yakutsogolo pamtengo, thovu kukamwa. Tinaunika nthambi ndi nthambi, masamba onse anali atayoyoka, mphako panalibe. Mumtengo munalibe kanthu. Coon wokalamba amatero: amakwera pang'ono, n'kudumphira pansi patali kapena kudutsa m'nthambi kupita mumtengo wina. Galu wopupuluma amathera pa tsinde loyambalo. Wamkazi uja anali atadutsa pamenepo, kununkhiza, kuzungulira, n'kuoloka kamtsinje. Tinamumva atakhazikika patsidya. Titaunika mtengo wake, mwini agalu analiza kapito kotsanzira kulira kwa coon, ndipo timaso tiwiri tinawala pamphanda. Tinakasiya kamoyo. Pa mpikisano galu wouwa pamtengo wopanda kanthu amamuchotsera mapointi, koma kwa munthu wa maondo ngati a Madala chilango chimagwera mwini: wayenda mtunda m'matope chifukwa cha bodza la galu. M'galimoto pobwerera anangoti, “Uyu sanama.” Anasiya ndalama ya chikole usiku womwewo.

Galu amakhala ndi bere masiku pafupifupi 63. Tiagalu tinabadwa mu Epulo, ndipo tinabwererako mu Juni tili ndi masabata 8, titasiya kuyamwa. Tiagaluto tinalipo 9. Mwini anatitsegulira m'kabwalo ka udzu kuseri kwa khola. Madala anatembenuza ndowa, kukhalapo, n'kuyatsa ndudu. Sanaitane kagalu ngakhale kamodzi.

Ine ndinaona kuti nthawi ikutha, ndiye ndinachita zomwe malume ankachita: kunyamula kagalu pachikopa cha pakhosi, kakalira ndiye kuti n'kamantha, kakangoti duu ndiye kolimba mtima. Madala anandiyang'ana n'kuti bambo awo ankatsegula kagalu kukamwa, kumwamba kwa m'kamwa kukakhala kwakuda ndiye mlenje. Ena amapapasa kafupa kotumphuka pamwamba pa mutu, ena amayeza kutalika kwa makutu. Anati zonsezo n'zopanda pake. Koma masana omwewo ndinawapezerera akusuzumira m'kamwa mwa kamodzi, ndipo sikuti ankaona mano okha.

Titakhala chete kwa kanthawi, tiagalu tinaiwala kuti pali alendo, kalikonse n'kuyamba kuonetsa khalidwe lake. Kamphongo kakakulu kanangondikakamira, kudumphira m'miyendo, kuluma zingwe za nsapato. Munthu aliyense akanatenga kameneko, poti kamaoneka ngati kakusankha iweyo. Kena kakang'ono kanathawira pansi pa khola n'kumangosuzumira. Ndinakamvera chisoni, koma Madala anapukusa mutu. Galu ameneyu adzayenda yekha m'nkhalango usiku, adzaoloka madzi ozizira, adzamva mfuti ikulira pamwamba pake. Wamantha ukhoza kumuweta ndi chikondi mpaka akhale galu wabwino wa pakhomo, koma kutchire adzangokhala kumapazi ako. Ndiye panali kena kakakazi, kosaoneka bwino kwenikweni, kamene kanabwera kudzatinunkhiza kamodzi, kugwedeza mchira, n'kumapita zake kumpanda, mphuno ili pansi.

Mwadzidzidzi Madala anaponya mbale yachitsulo pasimenti. Tiagalu tonse tinabalalika, ndi kakakazi kaja komwe. Iwo sankayang'ana kamene sikanadzidzimuke. Ankafuna kuona kamene kabwerere msanga. Kakakazi kanathamanga pang'ono, kuima, kutembenuka, n'kubwera mwakachetechete khosi litatalika mpaka kukanunkhiza mbaleyo. Kamphongo kanabweranso, koma kanabwerera kwa ine. Ka pansi pa khola sikanatulukenso.

Kenako mwini anapita nato tiagalu kuseri kuti tisaone, ine n'kupatsidwa chidutswa cha chikopa cha coon chomangidwa kuchingwe. Ndinachikoka mu udzu, kukhota pakati, n'kukachikoloweka pamzati wa mpanda. Anatitulutsa kamodzikamodzi. Kamphongo kananunkhiza poyambira, kudzutsa mutu, kundiona, n'kuthamangira kwa ine. Maso anakalanda ntchito ya mphuno. Kakakazi kanatsata mzerewo mopepesuka, makutu akukhweta mu udzu. Pokhota paja kanataya fungo. Kanaima, kulira pang'ono mokhumudwa, kuzungulira, kubwerera m'mbuyo, n'kulitolanso. Pamzati sikanayang'ane m'mwamba n'komwe, kanangozungulira tsinde. Ndinaganiza kuti apo kalephera. Madala anati kuyang'ana m'mwamba kumabwera patapita miyezi, ndipo n'za m'magazi a mayi uja tinamuona. Chimene ankafuna kuona tsikulo n'choti kagalu kakasokonezeka kamasiya kapena kamalimbikira.

Anapempha kuti tione tiagalu tikudya. Apa m'pamene kamphongo kena, osati kanga kaja, kanaonekera ukali, kuima m'mbale ndi miyendo, kulusira anzake mpaka kuluma khutu. Kwathu tikanati ameneyo ndiye galu, ndipo malume akanamuwonjezera mavu osinja mu nsima kuti aluse bwino. Kuno ndi chilema. Agalu amenewa amasaka ndi a anthu ena, pa mpikisano amamasulidwa mpaka anayi nthawi imodzi, ndipo onse amakakumana patsinde limodzi. Wandewu amatulutsidwa mumpikisano, ndipo anzako amasiya kukuitana kosaka.

Chomaliza chinali thupi. Anakanyamula kakakazi, kukagoneka chagada padzanja. Kanaphiriphitha pang'ono kenako n'kudekha. Anaona ngati mano akumwamba ndi akunsi akukumana bwino, nkhama ngati zili zofiira osati zoyezuka ndi njoka zam'mimba, mchombo ngati sunatupe, mapazi ngati ali obulungira osatambasuka. Ananunkhiza m'makutu, poti makutu olendewerawa amasunga chinyezi ndipo sachedwa kudwala. Anafunsa kapepala ka katemera wa parvo, matenda oopsa a tiagalu. Analipira madola 400, ndipo katoni yanga ija inagwira ntchito tsopano.

Maganizo anga, nditaona agalu ambiri m'zaka zotsatira, ndi akuti zoyesayesa za pabwalo zija theka lake n'zongokhazika pansi mtima wa wogula. Kagalu ka masabata 8 lero n'kolimba, mawa kadzuka ndi tulo kapena kakhuta kwambiri. Chimene ungaone ndithu pa msinkhu umenewo ndi mantha opitirira muyeso, ndewu, ndi matenda, ndiye ntchito yeniyeni ndi kuchotsa osayenera. Pa otsalawo, za mphuno, liwu ndi kukhulupirika patsinde, Madala anali atazigamula kale usiku wa Disembala uja. Kamphongo kanga kokonda zingwe za nsapato kanagulidwa ndi mnyamata wina wa mipikisano, ndipo tinamva kuti kanadzakhala galu wabwino ndithu. Mayi wake anali yemweyo.

Kakakaziko Madala anakatcha Sadie. Sikanafulumire. Ku Indiana amalola kuthamangitsa agalu popanda kupha nyama kuyambira Febuluwale mpaka chakumapeto kwa Okutobala, ndipo kusaka kwenikweni kumayamba mu Novembala mpaka Januwale atatha. Nyengo yake yoyamba Sadie ankangotsatira agalu aakulu, tsiku lina n'kuthamangitsa gwape mpaka tinakamutola kumsewu, tsiku lina n'kukalimbana ndi kanyimbi moti galimoto ya Madala inanunkha mpaka Khirisimasi. Mwini wa galu wina anawauza kuti amugulitse. Iwo anakana. Chaka chachiwiri, m'dambo lina kufupi ndi mtsinje wa St. Joseph, anatola fungo yekha agalu ena atalidutsa, kulitsata mwa apo ndi apo monga mayi wake, n'kukhazikika patsinde. Coon analimo.

Madala sanafike pamtengo umenewo. Anatsalira pagalimoto akumvetsera, bondo litatupa, ndipo mwezi wotsatira anakawachita opaleshoni. Anandipatsa chingwe, nyali ndi Garmin n'kuti galu wachinyamata akakhala m'khola nyengo yonse amaonongeka, ndizipita naye ine. Akazi anga atamva anafunsa funso limene ine ndinali ndisanafune kuliganizira: munthu wakuda, pakati pa usiku, nyali pachipumi, m'munda wa mzungu amene sakumudziwa, zikatha bwanji? Madala anayenda nane ndi ndodo zawo khomo ndi khomo kwa eni minda, kundionetsa nkhope masana, aliyense n'kusainira kalata ya chilolezo yomwe ndinkaisunga m'thumba la pulasitiki pachifuwa. Panali mlimi mmodzi amene anakana kusaina, ndipo munda wake unali pakati pa minda ina yonse. Galu sadziwa malire. Zomwe zinachitika usiku umene Sadie anakwezera coon kuseri kwa khola la ng'ombe la mlimi ameneyo ndidzafotokoza m'gawo 18.