Kukwera Sapitwa m'chilimwe: zoyenera kudziwa musananyamuke mu Blantyre

Chisanu chikamatha, cha kumapeto kwa Ogasiti, mafunso okhudza phiri la Mulanje amachuluka muno mu Blantyre. Achinyamata a kumpingo, magulu a kuntchito ndi ophunzira a m'makoleji onse amafuna kudziwa ngati tsopano ndi nthawi yabwino yokwera. Alipo ena amene amafunsa ngati pamwamba pake pamagwa chipale chofewa chija amatsetserekapo anthu a kunja. Ayi ndithu. Wofuna masewera amenewo apite ku Afriski, m'mapiri a ku Lesotho, pakati pa Juni ndi Ogasiti. Kwathu kuno chimene phiri lili nacho ndi chisanu choumitsa mame pa udzu m'mawa wa Juni ndi Julayi, miyala ikuluikulu, ndi njira zotsetsereka zofuna miyendo yokonzeka.

Sepitembala ndi chiyambi cha Okutobala ndi nyengo yabwino chifukwa chiperoni chimakhala chachepa, mvula isanayambe, ndipo miyala ndi youma. Koma nyengo yomweyi ili ndi vuto lake: pa tsiku limodzi mumakumana ndi kutentha kwa m'munsi ndi kuzizira kwa pamwamba. Mukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Mzinda wa Blantyre uli pa mamita pafupifupi 1,000, pamene Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phiri la Mulanje, ili pa mamita 3,002. Werengani nokha, kenaka muwonjezere mphepo. Ambiri amene amavutika m'phirimu sikuti ndi ofooka. Vuto lawo limakhala loti anachedwa kunyamuka, ndiye dzuwa linawapsereza pokwera, mtambo n'kuwapeza ali pamwamba, mdima n'kuwagwera akutsika.

Ulendo wa pamsewu si wovuta. Minibasi za ku Mulanje mumakwerera ku Limbe. Njira ya Midima, yodzera pa Nkando, ndi yachidule kuposa yozungulira ku Thyolo, ngakhale ya ku Thyolo imasangalatsa maso ndi minda ya tiyi. Tsikirani pa Chitakale, ndipo kuchokera pamenepo kukafika ku Likhubula ndi makilomita pafupifupi 10, pa kabaza wa njinga yamoto kapena galimoto zopita ku Phalombe. Ife timalangiza kukagona ku Likhubula dzulo lake. Wochokera ku Chilomoni kapena ku Machinjiri m'mawa womwewo, n'kudikira minibasi idzaze ku Limbe, amayamba kukwera cha m'ma 11 koloko, nthawi imene anayenera kukhala akumwa tiyi pamwamba.

Ku ofesi ya zankhalango ya ku Likhubula ndi kumene mumalembetsa, kulipira zolowera ndi zogonera, komanso kupeza gaidi ndi onyamula katundu odziwika. Musatengane ndi aliyense wokuthamangirani pa siteji kuti ndi gaidi. Wa ku ofesi amadziwika dzina ndi mudzi wake, ndipo pakachitika ngozi anzake amadziwa njira imene anadzera. Mitengo mugwirizane muli pansi pomwepo, pamodzi ndi nkhani ya chakudya chawo, kuti ndi chayani. Katundu wa wonyamula mmodzi asapitirire makilogalamu 18. Tengani ndalama zapamanja, zosinthasintha, chifukwa netiweki m'phirimu imapezeka apo ndi apo, ndipo mlonda wa ku Chisepo, nyumba yogona okwera phiri ya m'munsi mwa Sapitwa, simungamulipire pa foni.

Kwa oyamba kumene, dongosolo labwino ndi la masiku anayi. Tsiku loyamba mumakwera kuchokera ku Likhubula kupita ku nyumba ya Chambe. Njira ya Skyline ndi yachidule, maola atatu kapena anayi, koma ndi yoimirira ndipo mthunzi ndi wochepa. Mumakwera mamita pafupifupi 1,000 mosapumira, choncho 6 koloko ikupezeni muli m'njira. Njira ya Chapaluka ndi yotalikirapo koma imatsata mtsinje ndipo imadutsa pafupi ndi Dziwe la Nkhalamba. M'chilimwe ndi yabwino potsika, pamene thupi likufuna madzi. Tsiku lachiwiri ndi lochoka ku Chambe kupita ku Chisepo, maola enanso atatu kapena anayi, mokwera ndi motsika. Lachitatu ndi la Sapitwa, n'kubwerera kukagona ku Chisepo, ndipo lachinayi ndi lotsika. Anyamata amphamvu amachoka ku Likhubula n'kukagona ku Chisepo tsiku lomwelo, maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri. N'zotheka, koma mawa lake amakwera Sapitwa ndi miyendo ya dzulo, ndipo pamwala woterera mwendo wotopa ndi umene umaphonya.

Wopanda masiku anayi asadzikakamize. Kugona usiku umodzi ku Chambe, kuona khoma la mwala la nsonga ya Chambe dzuwa likamalowa, n'kutsika mawa lake, ndi ulendo wokwanira pawokha. Nyumba zilipo zambiri: Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Madzeka, Minunu. Sapitwa si phiri lonse.

M'nyumbazi mumapeza mlonda, nkhuni, madzi a mumtsinje ndi chimbudzi chokumba. Musayembekezere magetsi kapena zofunda zokwanira gulu lonse. Mamembala a Mountain Club of Malawi amakhala ndi makiyi a zipinda zosungiramo ziwiya, koma ena tonse tiyenera kunyamula mapoto awiri, mthiko, mbale, makapu, machesi okulunga m'jumbo, ndi chofunda chenicheni. Chitenje si chofunda pa mamita 2,200. Bwerekani thumba logonamo, apo ayi bulangete lochindikala, ndipo pansi payalidwe kanthu chifukwa kuzizira kwambiri kumachokera pansi.

Nkhani ya zovala ndi imene anthu a m'tauni amaipeputsa. Jinzi ndi malaya a thonje zikanyowa ndi thukuta siziuma msanga, ndipo mukangoima pamphepo zimayamba kukuchotsani kutentha m'thupi. Pa kaunjika ku Limbe kapena mumsika wa Blantyre mumapezeka malaya a masewera ouma msanga, juzi yaubweya, ndi jekete yotchinga mphepo ndi mvula. Zitatuzi muzivala mosanjikiza: pokwera muvule juzi thukuta lisanayambe, popuma muivale musanayambe kumva kuzizira. Onjezani chipewa cha dzuwa, chipewa cha ubweya cha usiku, ndi magolovesi otchipa ngati a amisiri omanga, pakuti mwala wa ku Sapitwa ndi wokhakhala ndipo umasupula zikhatho. Malaya amodzi ndi masokosi awiri zikhale m'jumbo yomanga bwino, zosavalidwa masana, zogonera basi.

Nsapato zikhale zoti mwaziyendera kale, zokhala ndi mphira wogwira pansi. Zatsopano zimatulutsa matuza musanafike theka la Skyline. Wengani zikhadabo za kumapazi kutatsala masiku awiri, chifukwa potsika phazi limatsetserekera kutsogolo, chala chachikulu n'kumagunda nsapato kwa maola anayi, ndipo chikhadabo chimada kenaka n'kuchoka. Mukamva pena pakutentha pachidendene, imani pomwepo mumatepo pulasitala chithuza chisanatuluke. Kudikira kuti mukafike kaye ndiko kumawononga tsiku lachiwiri.

Madzi, munthu aliyense awerengere malita atatu pa tsiku loyenda, ndipo anyamule awiri nthawi iliyonse. M'chilimwe timitsinje tina timaphwa, ndiye funsani gaidi musanadutse mtsinje ngati kutsogolo kuli wina. Pa njira ya Sapitwa musadalire kupeza madzi, tungani ku Chisepo. Madzi otunga kumunsi kwa nyumba kapena pafupi ndi midzi muwawiritse kapena kuthiramo WaterGuard. Thukuta limachotsa mchere, ndipo n'chifukwa chake ena amagwidwa ndi kukokana kwa minofu ya m'miyendo ngakhale akumwa madzi. Mapaketi ochepa a Thanzi amathandiza. Akasowa, sungunulani masipuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi.

Pa chakudya, nyemba zisiyeni kunyumba. Pamalo okwera ngati ku Chisepo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 93, osati 100, ndiye nyemba zimatha nkhuni za mlonda zisanapse, ndipo mpunga umafuna madzi ndi nthawi yowonjezera. Nsima imapsa bwinobwino. Ufa wokwana kilogalamu imodzi umadyetsa anthu asanu anjala chakudya chimodzi. Ndiwo zopepuka ndi usipa, nyama ya soya, tomato wolimba, anyezi, mafuta pang'ono m'botolo lotseka bwino. Za m'njira ndi mtedza wokazinga, mbatata yophika, mazira owiritsa, chigumu ndi nthochi za tsiku loyamba. Idyani pang'onopang'ono ola lililonse. Shuga ndi masamba a tiyi zichuluke kuposa mmene mukuganizira, chifukwa mlonda ndi onyamula katundu nawonso amamwa, ndipo si bwino kumwa tiyi anzanu akuyang'ana.

Tsopano tsiku la Sapitwa lenilenilo. Nyamukani ku Chisepo kukangoyera, isanakwane 6 koloko. Katundu wolemera atsale m'nyumba. M'kachikwama mukhale madzi, chakudya, juzi, jekete, tochi ndi foni yodzaza moto. Chigawo choyamba ndi miyala yosalala yotsetsereka, yokwera ndi manja ndi miyendo. Ikakhala youma nsapato imagwira bwino, koma ikanyowa imaterera ngati sopo, ndipo ndi pamenepa pamene muyenera kunena zoona: ngati kwachita chifunga chonyowetsa kapena usiku kunagwa mvula, tsikulo si la Sapitwa. Pamwamba pa miyalayi njira imalowa m'matanthwe ounjikana, m'tinkhalango tothinana ndi m'mipata yoti mudutse chokwawa, chikwama chili m'manja. Pali zizindikiro za penti yofiira pamiyala, koma zina zinafufutika, ndipo mu mtambo simungaone chotsatira. Kangapo konse mudzaona nsonga n'kuyesa mwafika, koma ili kutsogolo.

Kukwera kumatenga maola atatu kapena anayi, kutsika chimodzimodzi, chifukwa pamwala simungathamange. M'nyengo ino mitambo imakonda kuyamba kuunjikana chakumasana, ndipo dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko. Choncho gwirizanani muli m'nyumba kuti 11 koloko ikakwana musanafike pansonga, gulu lonse libwerera, ngakhale patatsala pang'ono. Lamuloli liikidwe m'mawa, mitu ili yozizira, chifukwa pamwamba paja aliyense amati tatsala pang'ono. Gulu lisagawikane, ndipo woyenda pang'onopang'ono akhale pambuyo pa gaidi, osati kumapeto kwa mzere. Mu 2003 mayi wina wa ku Netherlands anasowa atapita yekha ku Sapitwa, ndipo mu 2009 mnyamata wa ku Brazil anapezeka atamwalira atasiya gaidi wake n'kupitirira yekha.

Mtambo ukakutsekerani ndipo zizindikiro zasowa, imani. Kufunafuna njira mu chifunga ndiko kumafikitsa anthu kuphompho. Bisalani kuseri kwa thanthwe, valani zonse muli nazo, khalani moyandikana, mudikire. Wina akayamba kunjenjemera kosaleka, kulankhula mosamveka, kupunthwa kapena kuchita ngati waledzera, thupi lake lazizira mopitirira muyeso. M'vuleni zonyowa, m'vekeni zouma, asakhale pamwala wozizira, ndipo ngati akutha kumeza m'patseni tiyi wotentha wa shuga wambiri. Kachasu kapena mowa uliwonse ayi: umatsegula mitsempha ya pakhungu, munthu amamva ngati wafunda pamene kutentha kukutuluka.

Chinthu china cha chilimwe ndi moto wolusa. Udzu wa pamwamba umakhala wouma, ndipo osaka nyama amautentha. Moto umathamanga pokwera kuposa potsika, choncho musauthawe molunjika kumtunda. Pitani pamwala wopanda udzu, mumtsinje, kapena pamene papsa kale. Pa lupsa njira imasokonekera chifukwa paliponse pamaoneka chimodzimodzi. Inunso musasonkhe moto panja pa nyumba, ndipo ndudu izimitsidwe pamwala. Moto ndi macheka ndi zimene zatha mkungudza, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, umene mwachilengedwe umamera m'phiri lokhali. Mbande zimene akubzala a Mulanje Mountain Conservation Trust ndi anthu a m'midzi yozungulira zimafa ndi moto umodzi wokha. Phirili ndi nkhalango yotetezedwa kuyambira 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse chifukwa cha chikhalidwe cha anthu ake, amene amalilemekeza ngati malo a mizimu. Gaidi akakuuzani kuti pano sitichita phokoso, mverani, kaya inu mumakhulupirira zotani.

Kumapeto kwa Okutobala mabingu amayamba, ndipo mitsinje ya m'phirimu imadzaza m'kanthawi kochepa ngakhale pamene muli pasanagwe dontho. Madzi akasanduka ofiira kapena akafika m'mawondo ali othamanga, musawoloke, amatsika pakapita maola ochepa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula malo ambiri m'mbali mwa phiri, ndiye amene anakwera kale zisanachitike izi asadalire kukumbukira kwake, afunse mmene njira zilili panopa.

Potsika, Dziwe la Nkhalamba limakopa aliyense. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo ndi akuya, anthu amirapo. Thupi lotentha likalowa mwadzidzidzi mpweya umabanika ndipo minofu imakokana. Pumani kaye, lowani pang'onopang'ono, ndipo wosadziwa kusambira akhale m'mphepete.

Kukonzekeretsa miyendo kumachitikira konkuno. Kwa masabata anayi kapena asanu ndi limodzi, Loweruka lililonse kwerani Njira ya Mtanda ya ku Michiru kuchokera ku Chilomoni, kapena phiri la Ndirande muli pagulu, mutabereka chikwama cha makilogalamu asanu ndi atatu ndi nsapato zomwe mudzavale ku Mulanje. Samalani kwambiri mmene mawondo akumvera potsika. Ngati akupweteka ku Michiru, pezani ndodo yoyendera ndipo musankhe ulendo wa ku Chambe chaka chino.