Lipoti la ulendo wa ku Dziko Loyera: kodi choipa chinayambira kuti?

Abale ndi alongo amene munatsala, komiti inandipempha kuti ndilembe za ulendo umene gulu lathu lophunzira Baibulo linayenda ku Israel ndi ku Palestine. Za ndege, malo ogona ndi ndalama asungichuma apereka lipoti lawo padera. Ine gawo langa ndi funso limene abusa anatipatsa tisananyamuke: ngati Mulungu ndi wabwino ndipo zonse anazilenga zabwino, choipa chinachokera kuti, nanga Satana anamulenga ndani? Lamulo lawo linali limodzi, kuti paliponse pamene taima tizitsegula Baibulo n'kuwerenga zimene zinalembedwadi, osati zimene timangomva kuti zinalembedwa.

Ambirife tinanyamuka yankho lili kale m'thumba. Nkhaniyo mukuidziwa: mngelo wokongola, mtsogoleri wa nyimbo kumwamba, anadzikuza, anasirira mpando wa Mulungu, anaponyedwa pansi limodzi ndi angelo ambirimbiri, kenako n'kulowa mwa njoka m'munda wa Edeni. Tinadzaona kuti palibe chaputala chimodzi chimene chimasimba nkhaniyi kuyambira kumutu mpaka kumchira. Ndi mavesi otoledwa uku ndi uku amene Akhristu akale anawalumikiza, ndipo ena mwa mavesiwo mlembi wake ankanena za mafumu apadziko.

Zinayambira ku Caesarea, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja ya Mediterranean umene Herode Wamkulu anamanga. Tinakhala pamasitepe a bwalo lakale la zisudzo, mphepo ikutembenuza masamba a Mabaibulo athu. Mumzinda umenewu munkaphunzitsa Origen, katswiri wochokera ku Alexandria amene anasamukirako cha m'ma 230, ndipo iye ndi mmodzi mwa oyamba kuwerenga Yesaya 14 ndi Ezekieli 28 ngati mbiri ya kugwa kwa Satana. Abusa anapempha amayi ena kuti awerenge Yesaya 14, koma kuyambira vesi 4, osati 12, yonena za nthanda imene inagwa kuchokera kumwamba, monga tinazolowera. Vesi 4 ikunena poyera kuti iyi ndi nyimbo yotonza mfumu ya ku Babulo. Pa vesi 16 anthu akuyang'ana wagwayo n'kumafunsana ngati uyu ndi munthu uja ankagwedeza dziko. Ezekieli 28:12 nayo ndi nyimbo ya maliro ya mfumu ya ku Turo. Origen ankadziwa zonsezi, koma mfundo yake inali yakuti palibe munthu wamba amene anakhalapo kerubi m'munda wa Mulungu, choncho kuseri kwa mfumuyo kuyenera kuti kuli wina wamkulu.

Mkulu wampingo wina, bambo wachikulire amene walalikira ndime imeneyi kwa zaka zambiri, sanakondwe. "Abusa, ndiye mukutiuza kuti kugwa kwa Satana ndi nthano?" Abusa anati ayi, bambo, kugwa kulipo. 2 Petro 2:4 ndi Yuda 6 zikunena za angelo amene anachimwa n'kusiya malo awo, ndipo pa Yohane 8:44 Yesu akuti Mdierekezi sanaime m'choonadi ndipo anali wambanda kuyambira pachiyambi. Chimene palibe ndi tsatanetsatane uja timamukongoletsa naye paguwa. Ngakhale nkhondo ya Mikaeli ndi chinjoka pa Chivumbulutso 12 ikubwera m'masomphenyawo mwana wamwamuna atabadwa kale, osati dziko lisanalengedwe. Njoka ya pa Genesis 3 mlembi akungoitchula kuti inali yochenjera kuposa nyama zonse zakuthengo zimene Yehova Mulungu anazipanga. Amene akuitchula dzina loti Satana mosabisa ndi Chivumbulutso 12:9, kumapeto kwenikweni kwa Baibulo.

Kumpoto, ku Banias, tinamva nkhani imene ambirife tinali tisanaimvepo. Malowa ndi Kaisareya wa Filipi wa pa Mateyu 16, patsinde pa phiri la Hermoni, pamene pamatumphuka amodzi mwa madzi opanga mtsinje wa Yorodano. Pali thanthwe lalitali lofiirira, phanga lalikulu, ndi timapanga tosemedwa m'mwala mmene ankaikamo mafano a mulungu wa Agiriki wotchedwa Pan. Wotitsogolera anatiloza phiri n'kutiuza kuti Ayuda ena a nthawi ya Yesu asanabadwe ankafotokoza chiyambi cha choipa mwa njira ina. Buku la Enoki limati angelo 200 anatsikira pa Hermoni, anakwatira ana aakazi a anthu, n'kuphunzitsa anthu kusula malupanga ndi kuchita zamatsenga, ndipo mizimu ya zimphona zimene zinabadwazo ndiyo inasanduka mizimu yoipa. Ndi nkhani yokulitsa mavesi anayi oyamba a Genesis 6. Bukuli mulibe m'Baibulo lathu, ngakhale mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera m'Malemba ndipo kalata ya Yuda imagwira mawu ake pa vesi 14 ndi 15. Ndiye kuti ngakhale Ayuda akalewo sankagwirizana pa yankho limodzi.

Koma chimene chinandikhudza ine ku Banias ndi china. M'dera lomweli, Petro atangovomereza kuti Yesu ndiye Khristu, Yesuyo anamuuza kuti, "Pita kumbuyo kwanga, Satana iwe." Petro sanagwidwe chiwanda, sanachite thovu kukamwa. Ankangofuna kuti Mbuye wake asakafe, ndipo aliyense wa ife akanalankhula chimodzimodzi. Yesu anati vuto lake linali kusamalira za anthu m'malo mwa za Mulungu.

Ku Kursi, kum'mawa kwa nyanja ya Galileya, sitinakhalitse. Pali mabwinja a tchalitchi ndi nyumba ya amonke zimene zinatulukira mu 1970 pokonza msewu, ndipo mwambo umati apa ndi pamene nkhumba pafupifupi 2,000 za pa Marko 5 zinathamangira m'nyanja. Mlongo wina anationetsa kanthu kamodzi m'ndimeyo: ziwanda zonse zija, Legio yathunthu, zinachita kupempha chilolezo kuti zilowe mu nkhumba.

Ku Yeriko, mamita oposa 200 pansi pa mulingo wa nyanja, tinakwera Phiri la Mayesero m'timagalimoto tolendewera pachingwe, kenako masitepe otsetsereka amene anatisiya tonse wefuwefu. Nyumba ya amonke a Greek Orthodox inamatirira kuphompho, mbali ina ndi khoma lomanga, mbali ina ndi thanthwe lenileni, pakati kanjira kopapatiza kodutsa munthu mmodzimmodzi. M'katchalitchi kam'mwamba anationetsa mwala umene mwambo umati Yesu anakhalapo. Uthenga Wabwino sutchula phiri lenileni, ndipo ife sitinapite kukatsimikiza mwala. Tinaima pakhonde, pansi pathu Yeriko wobiriwira, patsogolo Nyanja Yakufa ndi mapiri a dziko la Jordan, kumbuyo chipululu chopanda ndi kamtengo komwe, n'kuwerenga Mateyu 4. Vesi yoyamba yomweyo inatiimitsa: amene anatsogolera Yesu kuchipululu kukayesedwa ndi Mzimu. Ndipo woyesayo sanabwere ndi chinthu chonyansa. Anabwera ndi mkate kwa munthu wanjala, kenako ndi Salimo 91, kuligwira mawu bwinobwino. Mayankho onse atatu a Yesu anachokera m'buku limodzi, Deuteronomo. Panalibe kukuwa kapena kulimbana usiku wonse. Anangoyankha, n'kumuuza kuti achoke.

Mtsutso waukulu unachitikira ku Qumran, pafupi ndi mapanga mmene munapezeka mipukutu yakale kuyambira mu 1947. Mwa zimene zinapezekazo muli zidutswa za buku la Enoki lija m'Chiaramu, komanso malamulo a gulu la Ayuda limene linkakhala pamenepo. Anthuwo ankagawa dziko pawiri, ana a kuunika ndi ana a mdima, Kalonga wa Kuunika ndi Mngelo wa Mdima. Komabe ankalimbikira kuti mizimu iwiri yonseyo anailenga ndi Mulungu mmodzi. Abusa anati apa ndi pamene pali malire amene Ayuda ndi Akhristu sanafune kuwadumpha. Ku Persia chipembedzo cha Zoroaster chinkaphunzitsa za mzimu woipa wolimbana ndi Mulungu wabwino kuyambira pachiyambi, ndipo Mani, m'zaka za m'ma 200, anaphunzitsa za maufumu awiri osalengedwa, wa kuunika ndi wa mdima. Yankho limenelo ndi lokoma chifukwa limachotsa Mulungu pamlandu. Augustine wa ku Hippo, kumpoto kwa Africa, amene anakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430, analitsatira pafupifupi zaka 9 asanalikane. Mtengo wa yankho limenelo ndi wakuti Mulungu sakhalanso Wamphamvuyonse, amangokhala mmodzi mwa awiri olimbana.

Yankho la Augustine linali lakuti choipa si chinthu cholengedwa ayi, ndi kuwonongeka kwa chinthu chabwino, monga chilonda chilibe moyo pachokha popanda thupi. Mngelo ndi munthu anapatsidwa ufulu wosankha, umene ndi wabwino, koma anautembenuza kusiya chachikulu n'kukonda chaching'ono. Msonkhano waukulu wa mpingo wa ku Lateran mu 1215 unanena zomwezo mwachidule: Mdierekezi ndi ziwanda zina Mulungu anazilenga zabwino, koma zinasanduka zoipa mwa izo zokha.

Amayi ena m'gulu lathu, amene ndi namwino, sanakhutire. Anati, "Abusa, ine zilonda ndimazitsuka tsiku ndi tsiku. Mukamuuza wodwala kuti chilonda chake si chinthu, akuyankhani chiyani? Ndipo ngati mngeloyo anali wabwino, pakati pa zabwino zokhazokha, popanda womunyenga, maganizo oipawo anawatenga kuti?" Abusa sanabise. Anati Augustine yemweyo atafika pa funso limeneli ananena kuti kufunafuna chimene chinayambitsa mtima woipa kuli ngati kufuna kuona mdima kapena kumva chete. Ena m'gulu anati ndi yankho lakuya. Ine ndinaona kuti ndi njira yaulemu yovomereza kuti nzeru zathera pomwepo. Augustine amatithandiza pa funso loti ndani analenga choipa, poyankha kuti palibe. Pa funso loti n'chifukwa chiyani Mulungu analola, amayi aja anali ndi mfundo, ndipo palibe anawagonjetsa.

Ku Yerusalemu tinaima pa Phiri la Azitona moyang'anizana ndi malo amene panali Kachisi. Malo amenewo anali dwale la Arauna, limene Davide anagula mliri utapha anthu 70,000 chifukwa cha kalembera amene anachititsa. Tinawerenga nkhaniyo kawiri. Pa 2 Samueli 24:1 akuti mkwiyo wa Yehova ndiwo unafulumiza Davide kuwerenga anthu. Pa 1 Mbiri 21:1, nkhani yomweyo yolembedwa pambuyo pake, akuti anali Satana. Gulu lonse linangoti zii. Kenako tinapita kwa Yobu, kumene Satana akufika pamsonkhano wa ana a Mulungu, akufunsidwa kumene wachokera, n'kupatsidwa malire kawiri konse: koyamba usakhudze thupi lake, kachiwiri usachotse moyo wake. Pa Zekariya 3 waima kudzanja lamanja la mkulu wa ansembe Yoswa ngati woneneza pabwalo la milandu, ndipo akudzudzulidwa. M'Chipangano Chakale chonse amaonekera kochepa choncho, ndipo paliponse ndi galu womangidwa: amaluma ndithu, koma pofika chingwe pokha. Yobu mwiniwake sanauzidwe n'komwe za msonkhano uja, ndipo Mulungu pomuyankha m'kamvulumvulu sanatchule Satana.

Malo awiri omaliza ndi amene anasintha kalankhulidwe kathu. Chigwa cha Hinomu, kumwera kwa mzinda wakale, lero ndi malo a udzu ndi mitengo. Kumeneko mafumu Ahazi ndi Manase anatentha ana awo monga nsembe, ndipo dzina la Gehena linachokera pa chigwa chimenechi. Pa Yeremiya 7:31 Mulungu akuti chinthu chimenecho sanachilamule ndipo sichinalowe n'komwe mumtima mwake. Mlandu akuupereka kwa ana a Yuda, osatchula wina. Kenako tinapita ku Yad Vashem, malo okumbukira Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ndi boma la Nazi la ku Germany, mwa iwo ana pafupifupi 1.5 miliyoni. Zimene tinaona m'magalasi ndi mindandanda ya maina yotayipidwa bwino, makalata a m'maofesi, zithunzi za sitima, nsapato. Ntchito imeneyi inagwiridwa ndi anthu ophunzira, ambiri mwa iwo obatizidwa, m'mayiko odzaza matchalitchi. Potuluka, mkulu wampingo uja anati apa ndiye Satana anagwira ntchito. Namwino uja anati mwina, koma siginecha zonse zinali za anthu.

Ine ndili kumbali ya amayiwo, ngakhale sindikukana zimene bambowo ananena. Chipangano Chatsopano chimamutenga mdani ameneyu ngati weniweni, mkango wobangula wa pa 1 Petro 5:8. Koma Yesu pa Marko 7:21 akuti maganizo oipa, zakupha ndi zachigololo zimatuluka m'kati mwa mtima wa munthu, ndipo Yakobo 1:14 akuti munthu amayesedwa pokokedwa ndi chilakolako chake. Mawu aja timathamangira kunena tikagwidwa, akuti Satana anandinyenga, anayamba ndi Hava, ndipo sanamupulumutse. Adamu analoza mkazi, mkazi analoza njoka, chiweruzo chinagwera onse atatu. M'mapemphero athu timatha nthawi yaitali tikulankhula ndi Mdierekezi, kumumanga ndi kumudzudzula, kuposa imene timatha tikuulula zathu, ndipo m'malo onse amene tinayenda sindinapeze ndime yochirikiza kagawidwe kotero.

Pa Yesaya 14 sitinamvane mpaka pobwerera. Mkulu wampingo uja akuti apitiriza kuilalikira ngati kugwa kwa Satana, popeza mpingo wawerenga choncho kwa zaka zoposa 1,700. Ena akuti ilalikidwe ngati chenjezo kwa olamulira odzikuza, monga vesi 4 ikunenera. Gulu lapempha komiti kuti maphunziro a Baibulo akubwerawa ayambe ndi Yobu 1 ndi 2, kenako 2 Samueli 24 pamodzi ndi 1 Mbiri 21, ndipo abusa avomera kudzatsogolera okha tsiku la Yesaya 14 ndi Ezekieli 28. Aliyense adzabwere atawerenga machaputala onsewo athunthu.