Mbiri ya moyo wanga, gawo 14: Kabokosi kongoyankha kuti "ok"

Sabata yatha ndinalekeza pomwe abwana a ku Northcliff ku Johannesburg, omwe ndinkawasamalira maluwa, anandituma kukataya makina akale a m'galaja mwawo. Kutaya sindinataye. Ndinawasenza mpaka kumsewu, ndipo mu takisi yopita ku Bree sikirini yokhayo inandilipiritsa mpando wakewake.

Inali kompyuta ya Sun SPARCstation 5, mtundu womwe unatuluka mu 1994, kabokosi kaphwatalala ngati katoni ya pizza. M'chipinda chathu ku Rosettenville, momwe tinkagona anthu anayi, ndinaikhazika pa ndowa yovundikira. Nditayatsa, fani inalira, pasikirini yoyera panadutsa zilembo zakuda, kenako kamawu kamodzi: ok. Basi. Hard disk inali itafa kalekale.

Ine mtima unali pa BASIC, chinenero cholembera mapulogalamu chomwe ndinalawako ku Blantyre pa kompyuta ya msuweni wanga. Ndinkafuna interpreter, pulogalamu ija yoti ukailembera mzere imauchita pompo. Ndinakopera QBasic pa floppy ku Yeoville, koma makinawo sanaimve n'komwe. QBasic ndi ya DOS ndi mapurosesa a Intel, pomwe uyu m'mimba mwake muli purosesa ya mtundu wina, SPARC. Zinali ngati kufunsa njira m'Chitumbuka kwa dalaivala wachizulu. Wina anati ndiyese Perl, wina Python, koma zinenero zonsezo zimafuna Solaris, pulogalamu yaikulu yoyendetsa makina a Sun, iyambe yadzuka, ine CD yake ndilibe. Masabata atatu ndinazungulira m'mashopu a zinthu zakale mpaka nsapato kutha.

"Achimwene, kagulitseni kwa ogula zitsulo, tigule ufa," anzanga ankatero.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, kunabwera bambo wina wa ku Nkhata Bay, mtchona weniweni wa imvi zake, yemwe ankakonza makompyuta ku Braamfontein. Anasuzumira pasikirini n'kuyamba kuseka.

"Mwanawe, ukusaka chiyani kwenikweni?"

"Chinenero cholembera mapulogalamu, bambo."

"Talemba 2, mpata, 3, mpata, +, mpata, kadontho."

Ndinalemba 2 3 + . n'kudina Enter. Panatuluka 5.

Ndinangoti kakasi. Ka ok kaja sikanali kudandaula kwa makina odwala ayi. Kanali Forth, chinenero chomwe Charles Moore anapanga cha m'ma 1970, ndipo a Sun anachiika mu chip yodzutsa makinawo, mu dongosolo lotchedwa OpenBoot. Sichidikira disk. Manambala amatsogola, chizindikiro n'kubwera pambuyo, chifukwa Forth amawasanjikiza ngati mbale zotsuka: ya pamwamba ndiyo imayamba kuchoka. Poyamba mutu unandizungulira, koma pano ndimaona kuti kuwerengera kotereku n'kosavuta kuposa kwa mabulaketi komwe tinkakwapulidwira kusukulu.

Usiku womwewo ndinapanga liwu langa loyamba:

: moni ." Muli bwanji" ;

Ndikalemba moni, makina a azungu aja ankandilonjera m'Chichewa. Ndinabwereza mwina kakhumi, mpaka mnzanga wa pamatiresi a kukhomo anadzuka.

"Achimwene, zimitsani chigayo chanucho, mawa tikulawirira 4 koloko."

Ndinazimitsa. M'mawa moni uja anali atafufutika, poti ankangokhala mu RAM, momwe zonse zimafufutika makina akazima. Pochokera kuntchito ndinagula kope ndi bolopeni.