Zikomo nonse, digiri ya terahertz ija yatheka

Lachinayi lapitali, aphunzitsi awiri atandipanikiza ndi mafunso kwa maola atatu, anandigwira chanza n'kunena kuti PhD ija ndapata. Ndinangotuluka n'kukhala pamasitepe, kuimbira amayi ku Dedza.

Amayi, zikomo. Zaka zinayi mwakhala mukuuza anzanu a Mvano kuti mwana wanu ali ku Mangalande kuphunzira kuona za m'kati mwa zinthu, ena mpaka kumanong'onezana kuti ndi zamatsenga. Komatu simunaname. Mafunde a terahertz amene ndimaphunzirawo ndi a mtundu wa kuwala, ali pakati pa mafunde a microwave ndi a infrared, kuyambira 0.1 mpaka 10 THz (chidule cha terahertz, muyezo wa kugunda kwa mafunde). Maso sawaona, koma amadutsa pepala, pulasitiki ndi nsalu, ndipo mosiyana ndi X-ray, saononga maselo a m'thupi. Chombo cha m'mlengalenga cha Columbia chitasweka mu 2003, a NASA, bungwe la ku America loona za m'mlengalenga, anayamba kuunika ndi mafunde omwewa thovu lokuta thanki ya mafuta ya zombo zawo, kufuna ming'alu yobisika. Yanga inali ntchito yaing'ono: kuyeza kachikopa kokuta mapiritsi popanda kuwadula. Kakapyapyala mbali imodzi, mankhwala amasungunuka nthawi isanakwane.

Mdani wanga anali madzi. Nthunzi ya mumpweya imameza mafundewa, mwachitsanzo pa 0.56 ndi 0.75 THz, choncho bokosi loyezera limafunika nayitrojeni wouma nthawi zonse. Chaka chachitatu kamphira kotsekera kanang'ambika ine osadziwa. Miyezi iwiri yathunthu ndinkayeza chinyezi cha dziko lamvulali m'malo mwa mapiritsi. Ndinalira, ndipo kalata yosiya sukulu ndinali nditayamba kale kulemba. Anandipulumutsa ndi bambo osamalira zipangizo mu labu mwathu, omwe dzina lawo silioneka pa lipoti lililonse. Anabwera ndi madzi a sopo basi, n'kupaka m'mphepete mwa bokosi mpaka thovu linatumphuka, monga mmene amafufuzira pobooka chubu cha njinga kwathu. Bambo inu, Mulungu akuonjezereni masiku.

Achimwene, mbuzi zomwe munagulitsa kuti ndilipire viza sindinaziiwale. Amuna anga, munagoneka mwana nokha usiku wosawerengeka makina a laser a mu labu akandisunga mpaka mbandakucha. Ndi inu a mpingo wathu kuno, amene munkabwera ndi nsima ya matemba osandifunsa n'komwe kuti ndimaliza liti, ndilibe nawo mawu.

Tikubwera mu Disembala. Amayi, chigumu chija muyambiretu kusinja.