Chidulo cha ambuya ndi tesiti ya mawa

Lachitatu, kuno ku Chipata. Mtsikana wanga wa Grade 10 wabwera kusukulu nkhope ili yakugwa, ati amai mawa kuli tesiti ya ma acid ndi ma base koma palibe chomwe chalowa m'mutu, aphunzitsi angolemba pabolodi manambala a pH, sikelo yoyezera acid ndi base, kuyambira 0 mpaka 14, mapepala a litmus, aja osintha mtundu akakhudza acid kapena base, oti ana aone ndi maso kunalibe. Zinandikhudza chifukwa mwanayu amalimbikira. Ine ndinali nditangofika kuchoka kumsika wa Kapata nditagula lumanda, ambuya ake ali pakhonde kudontheza chidulo m'kachitini kobowola kunsi, phulusa la zitsononkho.

Ndamuuza kuti siya buku ubwere kuno ku mbaula. Lumanda itawira ndamulawitsa msuzi wake, kuwawasa mpaka anatsinzina, ndati imeneyo ndiye acid. Kenako tathira soda pang'ono mumphika, thovu kungoti fwaa! ndipo atalawanso kuwawasa kuja kunali kutachepa. Apa ndiye ndinafotokoza kuti soda ndi base, ikakumana ndi acid zimathetsana mphamvu, pamatsala madzi ndi mtundu wina wa mchere, thovu lija ndi mpweya wa carbon dioxide ukuthawa.

Chomwe chamusangalatsa kwambiri ndi cha matambula. Tinaviika timakoko tofiira ta lumanda m'madzi otentha mpaka madzi anafiira, n'kuwagawa patatu. Moyamba tafinyiramo ndimu, kufiira kwake kunachita kuwala. Pachiwiri tangosiya. Pachitatu ambuya ake adonthezamo chidulo ndipo tikuona chonchi madzi anasanduka obiriwira moderako, mwana kukuwa kuti ambuya mwachita bwanji! Iwo angoseka nkumuuza kuti tagwira chidulocho, waona mmene chikuterera ngati sopo, ukachulutsa mu thelele ndiwo zimawawa ndipo zimasungunuka. Kuterera ndi kuwawa kumeneko ndi zomwezo zalembedwa m'notsi zake pa ma base.

Manambala aja atabwerera sanamuvutenso. 7 ndi pakati, madzi oyera. Kutsika pansi ndi acid, ndimu ili cha pa 2, kukwera ndi base, soda ili pa 8 ndi pang'ono. Chomwe ana ambiri amaphonya nchoti sitepe imodzi ndi kakhumi, chinthu cha pH 2 acid wake ndi wochuluka kakhumi kuposa cha pH 3. Sikeloyi anaiyambitsa wasayansi wina dzina lake Sørensen mu 1909 ku Copenhagen, ali pa labu ya kampani yofulula mowa ya Carlsberg.

Ndamuchenjeza mwamphamvu kuti zolawa zathera kukhichini kuno, madzi a mu batire ya galimoto ndi sulphuric acid, caustic soda wopangira sopo ndi base koma onse awiri amawotcha thupi.

Atate ake atabwera alowetsapo nkhani ya kumunda, kuti feteleza wa urea ukamathira chaka ndi chaka nthaka imanka niwawasa, nchifukwa chake alangizi amati tizithira laimu, ndipo akufuna kutenga dothi lathu akaliyezetse ku Msekera, kumalo ofufuzira za ulimi, mvula isanagwe.

Tadya nsima ndi lumanda yathu yotendera. Manje ndikulemba pano iye ali patebulo, matambula atatu aja wakana kuti nditsuke, akujambula mitundu yake m'kope.