Zomera zofunda bulangete pa Horombo

Anthu amati njira ya Marangu ndiyo yofewa pokwera phiri la Kilimanjaro ku Tanzania, chifukwa umagona m'tinyumba osati m'matenti. Kufewa kwake n'komweko basi. Pageti, pa mamita pafupifupi 1,860 pamwamba pa nyanja, thumba limapepuka usanayambe n'kutuluka thukuta komwe: madola 70 patsiku olowera m'paki, madola 60 a pogona usiku uliwonse, msonkho pamwamba, ndipo popanda wokuperekeza wovomerezeka sakulola kudutsa. Mabotolo apulasitiki omwera n'kutaya saloledwa, ndiye nyamulani botolo lolimba.

Nkhalango ya m'munsi ndi yonyowa, ndere zili lende m'mitengo, anyani a colobus akulumpha m'mwamba, matope m'nsapato. Ukapitirira Mandara, malo oyamba ogona, pa mamita 2,700, mitengo imafupika n'kusanduka zitsamba, kenako udzu ndi miyala. Pa mamita 1,000 alionse amene wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo zomera zimasintha motsatira pamenepo.

Pa Horombo, malo achiwiri ogona, mamita 3,720, tulo sitinabwere. Mutu unkagunda, mapazi ali zii. Kusanache ndinatuluka panja, ndipo wotiperekeza, bambo wachikulire wa mtundu wa Achaga, anandipeza ndikunjenjemera pakhonde. Anandipatsa tiyi wa m'fulasiki mwawo, amene ndikudziwa kuti anasungira iwo eni, n'kunena kuti, "Tiyeni bambo, mukaone anzanu amene amagona panja chaka chonse."

Tinatsikira m'kakhwawa kena ndi tochi. Pansi pankalira khirichi khirichi. Anawalitsa tochi kuti ndione: timadzi toundana tosongoka tatukula dothi m'mwamba. Izi zimachitika pafupifupi usiku uliwonse, ndipo dzuwa likatuluka dothi limabwerera pansi. Kambewu kamene kangomera kumene kamazulidwa ndi kutukulidwa kumeneku, n'chifukwa chake malo ambiri ali mbee, ndipo zomera zimaunjikana m'mbali mwa miyala ndi m'makhwawa.

M'khwawamo munaima zimitengo za Dendrosenecio kilimanjari, zina zotalika kuwirikiza munthu kawiri, masamba obiriwira ali kunsonga kokha. Masamba akale akauma sagwa, amangokhala atakuta thunthu ngati bulangete. Bambo aja anati ndilowetse dzanja m'masamba oumawo. M'katimo simunali kuluma ngati panja. Chofunda chimenechi n'chimene chimateteza madzi a m'thunthu kuti asaundane, ndipo mtengo umene anthu authothola masamba kuti asonkhere moto ukhoza kufa ndi chisanu. Pafupi pake panali Lobelia deckenii, masamba ake atadzipinda n'kutseka pakati pamene pamaphukira atsopano. Tinakhala pamwala mpaka dzuwa linatifika, ndipo patapita kanthawi masamba aja anayamba kufunyululuka. Mphuno zinali zitachita dzanzi, koma sindinafune kuchoka.

Kutafunda, malo aja anadzaza. Timbalame tobiriwira ta milomo yaitali tinabwera kudzayamwa timadzi ta m'maluwa a lobelia, n'kumasamutsa mungu. Mbewa za mizere inayi pamsana zinkathamanga m'udzu, akhwangwala a khosi loyera akuzungulira m'mwamba. Zamoyo zonsezi zokhala pamodzi, izi kudya izo, izo kudalira izi, akatswiri amazitcha community. Ukaphatikizapo zopanda moyo zimene zikuzilamulira, monga chisanu cha usiku, dzuwa lootcha la masana, dothi ndi madzi a m'khwawa, ndiye ecosystem, dzina limene katswiri wa zomera wa ku Britain, Arthur Tansley, anafalitsa mu 1935. M'kalasi zinkamveka ngati zongoloweza pokonzekera mayeso. Apa ndinaona kuti bwana wa khwawa lonselo ndi chisanu, ena onse angotsatira malamulo ake.

Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti maonekedwe omwewa aliponso pa phiri la Kenya ndi mapiri a Rwenzori a m'malire a Uganda ndi DR Congo, komanso kutsidya kwa nyanja, m'mapiri a Andes ku Colombia ndi Ecuador. Kumeneko kuli Espeletia, chomera china ndithu, koma nachonso chili ndi thunthu lokutidwa ndi masamba ouma ndi chisoti cha masamba kunsonga. Sizinatengerane. Nyengo yofanana inaziumba mofanana, ndipo madera otere, ofanana nyengo ndi kamangidwe ka zomera ngakhale ali kutali, ndiwo amawaika m'gulu limodzi la biome.

Tsono dandaulo langa. Ambiri amafika pa Horombo maso ali ku nsonga ya Uhuru, mamita 5,895, ndipo khwawa ili amalidutsa akuyang'ana wotchi. Kuseri kwa miyala kuli mapepala a kuchimbudzi, ena amaponyera akhwangwala mabisiketi mpaka mbalamezo zinaphunzira kufufuza m'zikwama. Mu Okutobala 2020 moto unatentha dera lalikulu chakuno, pomwe zimitengo za Dendrosenecio zija zimakula pang'onopang'ono kwambiri moti yopsa siibwerera msanga.

Kumtunda, pakati pa nsonga za Mawenzi ndi Kibo, ndi chipululu cha miyala ndi mphepo, ndipo ine ndinali kungowerenga mapazi. Ngati thumba likulola, onjezani tsiku pa Horombo kuti thupi lizolowere mpweya wochepa. Mudzalipiranso madola aja, palibe kuchotsera. Mafuta oteteza khungu kudzuwa musaiwale, ndipo sungani padera ndalama yothokozera onyamula katundu, chifukwa nthawi zambiri siikhala pa mtengo umene amakuuzani poyamba.