Kutsimikiza antibody ya HRP2 ndi recombinant protein kuno ku Blantyre

Pepala lomwe limabwera ndi antibody (puloteni ya chitetezo cha m'thupi yomwe timagwiritsa ntchito pozindikira puloteni ina), lonena kuti imagwira HRP2 yokha, puloteni ya kachilombo ka malungo ka Plasmodium falciparum, musalitenge ngati umboni. Umboni ndi Western blot yanu, pomwe mapuloteni amalekanitsidwa pa gel, kusamutsidwira pa membrane, ndipo yomwe antibody yagwira imaoneka ngati kamzere (band). Ife tidaitanitsa ma recombinant protein (mapuloteni opangidwa mu labu) awiri, HRP2 ndi HRP3 ya kachilombo komweko, chifukwa onsewa ali ndi timagawo tobwerezabwereza ta histidine ndi alanine tofanana kwambiri, moti ma antibody ambiri a HRP2 amagwiranso HRP3.

Poitanitsa, umirirani kuti akutumizireni youma, ya lyophilized. Yathu yoyamba wogulitsa adatumiza yamadzi, pa dry ice, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Bokosi lidafika bwinobwino, koma lidakamira mu ofesi yoona za katundu wolowa m'dziko, ati akudikira kalata yochotsera msonkho, kalata yomwe tidali titapereka kale katunduyo asananyamuke n'komwe. Lero akuti chidindo sichikuoneka, mawa akuti woisainira watuluka, mkucha akuti netiweki yagwa. Ndidachonderera kuti angondilola kuthiramo dry ice wina, adakana. Dry ice amatha tsiku ndi tsiku ngakhale bokosi litatsekedwa, ndipo pomwe ankalitulutsa munali mopanda kanthu, katubu kali kofunda. Pamwamba pa zonsezi adatilipiritsa ndalama yosungira. Zimandipwetekabe mtima. Pa gel, puloteniyo idangopereka mkwasa kutsika m'munsi, band yeniyeni osaoneka. Youma ikadapirira.

Youma ikafika, izungulitseni kaye pa centrifuge musanatsegule, ufawo umakanirira kuchivindikiro. Sungunulani kufika pa 100 µg/ml, osaivundula ndi vortex, muigawe m'timatubu ta 10 µl n'kuika pa -80 °C. Ndi kuthimathima kwa magetsi kwathu kuno, tubu imodzi yaikulu imasungunuka n'kuumanso mpaka puloteni kuonongeka. Za BSA (puloteni ya m'magazi a ng'ombe) ya 0.1% yomwe ena amathiramo, samalani: imateteza puloteni, koma imaoneka pa 66 kDa pa gel yopakidwa Coomassie, ndipo pa ELISA (kuyeza komwe puloteni imamatidwa m'timaenje ta plate) imalanda malo pa plate. Gawo lopita ku plate lisakhale nayo.

Pa Western blot ndimaika 20 mpaka 50 ng pa lane (njira imodzi ya pa gel). Kuchulutsa ndi kudzinamiza, chifukwa pa 1 µg ngakhale antibody yofooka imapereka band. Lane yoyamba HRP2, yachiwiri HRP3, yachitatu puloteni ina yosagwirizana ndi malungo koma yokhala ndi tag yomweyo (kachidutswa komwe amalumikiza ku puloteni poipanga), kaya His kaya GST. Yachinayi ndi lysate (maselo ophwanyidwa) ya bakiteriya wa E. coli wosapanga puloteni yanuyo. Ziwiri zomalizazi anthu amazidumpha, chonsecho kalulu yemwe adabayidwa puloteni yopangidwa mu E. coli kuti atulutse antibody yanu amapanganso ma antibody a tag ndi a zinyalala za bakiteriyayo. Kumbukiraninso kuti GST imawonjezera 26 kDa, ndipo HRP2 payokha imayenda pamwamba kuposa kulemera kwake kowerengetsera, choncho band ikakwera musathamangire kuitaya.

Ndinenepo pang'ono za sample buffer, madzi omwe timasakaniza ndi puloteni isanapite pa gel. Ngati antigen yanu (puloteni yomwe antibody imagwira) ndi ina ya malungo monga MSP1-19 kapena AMA1, zomwe maonekedwe ake amagwiridwa ndi timalumikizano ta disulfide, DTT ya mu buffer imawadula n'kufafaniza malo omwe antibody imagwira. Yendetsani ziwiri, yokhala ndi DTT ndi yopanda, apo ayi mudzataya antibody yabwino.

Kenako kutsekereza, kutanthauza kudzaza antibody ndi antigen isanafike pa membrane. Tengani antibody pa dilution yomwe mumagwiritsa ntchito, muigawe pawiri. Gawo limodzi muthiremo antigen yochuluka kakhumi powerengera ma mole, osati kulemera. Antibody ya mtundu wa IgG ndi 150 kDa, ndiye 1 µg ndi pafupifupi 6.7 pmol, kakhumi ndi 67 pmol, zomwe pa puloteni ya 30 kDa ndi 2 µg. Linalo muthiremo buffer yokha. Zonse zigone pa 4 °C usiku wonse, m'mawa muike pa magawo awiri a membrane imodzi, ndipo muzijambule nthawi yofanana. Band ikazimirira kotsekerezedwako, ndi bwino. Koma izi zimangosonyeza kuti antibody imagwira antigen yanu, sizikana kuti imagwiranso ina. Antibody yomwe yadzazidwa ndi HRP2 siingagwirenso HRP3, ndiye ma band onse awiri amazimirira limodzi, inu n'kumasangalala pachabe.

N'chifukwa chake gulu lomwe lidalemba njira zisanu zotsimikizira ma antibody mu Nature Methods mu 2016 lidaikapo kuyesa pa maselo opanda jini yake. Pa malungo tili ndi mwayi, pali mitundu ya kachilomboka yosungidwa m'malabu: 3D7 ili ndi majini onse awiri, Dd2 ilibe hrp2, HB3 ilibe hrp3. Band ikaoneka pa Dd2, dziwani kuti ikugwira HRP3 kapena china. Yathu idaonetsa band yofooka pa Dd2, ndiponso pa lane ya HRP3.

Kuti tidziwe kukula kwa vutolo tidapanga ELISA: antigen ya 1 µg/ml mu carbonate buffer ya pH 9.6, 100 µl pa well, kutsuka ndi PBS ya Tween 0.05%, TMB, kuwerenga pa 450 nm. Antibody tikuigwiritsabe ntchito, koma m'ripoti timalemba poyera kuti imagwira HRP2 ndi HRP3, pamodzi ndi nambala ya lot (gulu la antibody lopangidwa nthawi imodzi), chifukwa lot ina ikabwera zonsezi ziyenera kubwerezedwa. Sungani timatubu tingapo ta antigen podikira tsiku limenelo, ndipo zikatha, itanitsaninso youma.